Mapatapata Pakhomo pa Mayi Fuatino

Pa chilumba cha Savai'i munthu safunsa kuti m'nyumba muli anthu angati. Amangoyang'ana mapatapata amene avulidwa pa sitepe. Pakhomo pa mayi Fuatino, kwa zaka zisanu ndi zinayi, pankakhala awiri okha, lakumanja ndi lakumanzere, odyeka kuchidendene.

Amuna awo, a Penaia, anali pabwalo pomwepo, monga mmene aliyense amagonekera wake: manda a simenti kutsogolo kwa nyumba, kadenga ka malata pamwamba, matailosi oyera. Mbali imodzi anaisiya yopanda matailosi, kudikira mayi Fuatino. M'mawa uliwonse mayiwo ankasesa pamandapo, n'kukhala pansi ndi kapu ya tiyi kuwauza amuna awo nkhani za m'mudzi. A Penaia ali moyo sankayankha kwenikweni, choncho panalibe chachilendo.

Ntchito yawo inali ku hotela ya m'mphepete mwa nyanja, kutunga mikanda ya maluwa yoveka alendo akamatsika basi. Zaka makumi awiri akuveka makosi a anthu osawadziwa. Alendowo, akangoona mchenga ndi mitengo ya kokonati, ankati afika m'paradaiso. Mayi Fuatino ankangomwetulira. Ana a m'paradaisomo anali atathera ku Auckland kukanyamula makatoni m'mafakitale, ndipo mmodzi mwa iwo anali Tanielu, mwana wawo yekhayo.

Ndiye chaka china Tanielu anaimba foni kuti akubwera kutchuthi sabata yathunthu, ndi mkazi wake Kirsty ndi kamwana kawo ka zaka zinayi, Talia, kamene agogo ake anali asanakagwirepo ndi manja. Mayi Fuatino sanapemphe zambiri. Anangoti banjalo lidzagone m'nyumba ya bambo ake, ngakhale usiku umodzi, kuti a Penaia amveko phokoso la mwana. Tanielu anati ayi, zimenezo n'zosavuta.

Analuka mikeka itatu yatsopano mpaka zala kutupa. Anakabwereka maneti a udzudzu kwa mnzawo woyandikana naye, mayi Apaula, amene pakamwa pawo sipankaphwa. Mayi Apaula anawaseka kuti mmene akukonzekeramo ngati akubwera ndi bishopu.

Kutatsala masiku awiri, Tanielu anaimbanso. Kirsty ankaopa udzudzu, komanso sankamvetsa kuti munthu angagone bwanji m'nyumba ya mizati yokhayokha, yopanda zipupa. Anapeza malo ku hotela. Hotela yake inali yomweyo.

Motero mayi Fuatino analandira mwana wawo ali mu yunifolomu, ataima pamzere ndi antchito anzawo, mkanda wa maluwa uli m'manja. Anamuveka, anamukumbatira, koma kumbuyo kwake kunali alendo ena khumi ndi awiri odikira maluwa awo. Zinawawawa kwambiri, ndipo anawaveka onse akumwetulira.

Sabata inayenda mmene zimayendera sabata za alendo. Lolemba kukaona akamba a m'madzi. Lachiwiri kumiyala kumene nyanja imalavulira m'mwamba. Lachitatu kusambira, Lachinayi kupumula chifukwa chotopa ndi kusambira. Mayi Fuatino ankawaona tsiku lililonse, chapatali, akutunga maluwa pansi pa mtengo. Talia ankawabayibitsa monga mmene ankabayibitsira wotchetcha udzu. Madzulo ankabwerera kwawo n'kuwauza a Penaia kuti mwina mawa.

Loweruka masana banjalo linafika kunyumba ndi galimoto yahayala. Mayi Fuatino anali atadzuka tambala asanalire kutenthetsa miyala yophikirapo, ndipo anaphikapo koko, nsomba ndi masamba a mu mkaka wa kokonati. Pa sitepe panadzaza nsapato. Iwo ankangotuluka, kuziyang'ana, n'kulowanso.

Atadya, Talia anathamangira pabwalo chosavala kuphazi, n'kukagona chafufumimba pamanda, tsaya lili pa matailosi ozizira, monga amachitira ana onse a m'mudzimo dzuwa likaswa mtengo. Palibe anamuphunzitsa. Mayi Fuatino anagwira mzati, misozi ili m'maso. Koma Kirsty atamva kuti pamenepo ndi pamanda, anathamanga kukamunyamula n'kumupukuta tsaya. Tanielu anaseka, najambula mandawo pa foni.

Mayi ake anamuitanira kuseri kwa khitchini.

“Mikeka ndayala kale. Mugona kuno lero?”

“Amayi, boti ndi la m'mamawa, katundu yense ali ku hotela. Chaka chamawa tidzagona, ndithu.”

“Bambo ako sakupempha chaka, iwe. Usiku umodzi.”

“Bambo anamwalira, amayi. Inu tiyeni ku Auckland, chipinda chilipo. Mukhalira chiyani nokhanokha kuno?”

“Nanga awa ndiwasiyire ndani?”

Tanielu anacheukira kumanda. Anayang'ana mbali yopanda matailosi ija, kenako foni yake, n'kunena kuti nthawi yatha.

Talia anali atagona tulo pamkeka watsopano, ndipo bambo ake anamunyamula paphewa mpaka m'galimoto. Galimoto isanakhote pa tchalitchi, mayi Fuatino anaona timapatapata tofiira tatsalira pa sitepe. Akanakuwa, akanamveka. Mawu anali nawo, ankaimba kwaya. Anangoima pomwepo mpaka fumbi litatha, kenako anawerama n'kutiika bwinobwino pambali pa awo.

Lolemba m'mawa mayi Apaula anabwera kudzatenga maneti awo, akuyankhula kuyambira kumsewu monga mwa nthawi zonse. Atafika pa sitepe anaima.

“Kodi anzanga, a bishopu aja sanapite? Nanga izi?”

“Tsitsani mawu,” anatero mayi Fuatino akusesa pamanda, osadzutsa mutu. “Mwana akadali m'tulo.”

Mayi Apaula anayang'ana m'nyumbamo. Nyumba yopanda zipupa ilibe pobisala ngakhale mphaka. Munali mikeka itatu yoyala, maneti atatu olendewera, ndi mphepo ya kunyanja ikudutsa.

Anayang'ananso timapatapata tija. Kenako anatsitsa mawu, n'kunena kuti manetiwo sakuwafuna msanga, adzawatenga tsiku lina.