Achikepe Atayamba Kuonda

Pa hotela ina, chipinda chochapira zovala chinali pansi penipeni, kuseri kwa khitchini, komwe nthunzi ya makina inkanyowetsa makoma. Mayi amene ankayang'anira zosita kumeneko aliyense ankawadziwa ndi dzina loti Achikepe. Dzinali linabwera tsiku lina chikepe cha antchito chitaima pakati pa nsanjika ziwiri, iwo ali mkati ndi ngolo ya matawulo. Wokonza anati ndi waya amene anapsa, koma pofika masana nkhani inali itamveka kale kuti chikepe chalephera kunyamula thupi la mayiwo. Woyamba kuseka anali iwo omwe. Chinali chizolowezi chawo kuyambira ali mtsikana: akaona kuti anthu akufuna kuwaseka, ankayamba okha kudzinyoza mpaka onse kugwira nthiti.

Ntchito ankaidziwa. Kolala ya shati ikadutsa m'manja mwawo inkaima ngati yatsopano. Kunyumba anali ndi ana aakazi awiri a pasukulu, ndi mwamuna wowotcherera zitsulo, munthu wosayankhulayankhula amene ankayankha zinthu zambiri ndi mutu. Apongozi awo, amayi ake a mwamunayo, ankakhala mumsewu womwewo, nyumba zingapo kumunsi, ndipo thupi la mpongozi wawo ankalinyadira. Alendo akabwera ankawaloza n'kunena kuti, “Onani mmene mwana wanga amasungira mkazi.”

Tsiku lina akusita nsalu za patebulo, Achikepe anachita chidima m'maso n'kugwa, simbi yamoto n'kuwawotcha pamkono. Kuchipatala namwino anamanga chilondacho, kenako anawayeza magazi. Shuga anali wokwera kwambiri, magazi nawo ankathamanga. Namwinoyo anawapatsa mankhwala, n'kuwauza mosabisa kuti akapanda kutsitsako thupi, maso ndi miyendo ziyamba kuwakana.

Kunyumba anangonena za mkono. Zinazo anazisunga mumtima, n'kuyamba kudzilanga. M'mawa ankamwa madzi okha, masana ankanamizira ntchito, madzulo ankangolawa n'kunena kuti adya kale kuhotela. Manja anayamba kunjenjemera pogwira simbi. Anapirira milungu ingapo, mpaka masana ena anadutsa pakhitchini n'kuona zotsala za phwando: makeke, nyama yokazinga, mabanzi a kirimu. Anadzaza thireyi, n'kukalowa m'kachipinda kosungira sopo, n'kuyamba kudya ali chiimire, misozi ikutsika.

Chitseko chinatseguka. Anali mlonda wamkazi wa pageti ya antchito, mayi wamtali wouma thupi amene onse ankamutcha Asajeni chifukwa cha kayendedwe kake. Anabwera kudzaona khomo lakuseri.

“Musadabwe, Asajeni,” anatero Achikepe akupukuta pakamwa. “Chikepe chikuthira mafuta.”

Asajeni sanaseke. Anakankha chitseko n'kutsamira pamenepo.

“Nthabwala imeneyo ine sinandikomerepo, achemwali. Mwaona kuti sindinakutchulenipo dzina limenelo?”

“Dzina ndi dzina basi.”

“Mumadzitukwana musanatukwanidwe. Tsiku lija munagwa, ndinanyamula nawo. Ndi shuga, eti?”

Achikepe anagwedeza mutu.

“Bambo akunyumba kwanga anawadula mwendo chifukwa cha matenda omwewo. Ndinaphunzira mochedwa. Njala si mankhwala, mukomokanso. Ndipo ngati mumadzida nokha chonchi, mungadzisamale bwanji?”

Achikepe anaika thireyi pa katoni ya sopo.

Kuyambira mawa lake ankadyera limodzi masana pabenchi ya pageti. Asajeni ankabwera ndi nyemba, masamba ndi mazira owiritsa, ndipo ankaonetsetsa kuti mnzawoyo wadyadi. Poweruka sankakwera minibasi pageti pomwepo, ankayenda mpaka siteji yotsatira, kenako yotsatiranso. Poyamba Achikepe ankaima pamtengo uliwonse wa magetsi, akupuma movutikira, ntchafu zitasupuka. Asajeni ankangoima nawo n'kuwadikira. Koma akayamba zodzinyoza zija, ankawadula mawu: “Nenani zina.”

Miyezi inapita. Yunifolomu inayamba kukhwepa, anakaibwezetsa kwa telala. Namwino anamwetulira ataona shuga akutsika. Mawondo anasiya kulira pamasitepe. Mwamuna wawo anamuuza zoona, iye n'kugwedeza mutu monga mwa masiku onse.

Mavuto anayambira mumsewu. Akalowa pagolosale, azimayi ankasiya nkhani n'kuwayang'ana pakhosi pamene mafupa anayamba kuonekera. Wina anawapatsa moni wa munthu wodwala, wogwira dzanja nthawi yaitali. Mwana wawo wamng'ono anabwera kuchokera kusukulu akulira, ati anzake akunena kuti amayi ake ali ndi matenda aja ndipo satenga nthawi. Kushopu ya mwamuna wawo, makasitomala anayamba kumuyang'ana iyenso kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

Lamlungu lina masana apongozi anatulukira atasenza poto wamkulu. Analowa osatseka chitseko, dala, kuti oyandikana nawo amve. Anatula potoyo patebulo n'kuvundukula: mpunga wonyezimira ndi mafuta, nkhuku yokazinga pamwamba. M'thumba anatulutsa botolo lalikulu la chakumwa chotsekemera. Ana anawauza kuti apite panja.

“Ndatopa ndi kuyankha anthu,” anatero apongoziwo. “Ndiuzeni lero. Wabweretsa matenda m'nyumba muno ndani, inu kapena mwana wangayu?”

“Amayi, ndi shuga chabe. Kuchipatala anati nditsitse thupi.”

“Shuga! Munthu akamabisa amatero. Mkazi wa munthu amaonda dala? Mukufuna anthu azinena kuti mwana wanga akulephera kukudyetsani?” Anapakula mbale yodzaza mpaka kusefukira n'kuikankhira patsogolo pawo. “Ngati simukudwala zimene anthu akunenazi, idyani ndikuona.”

Achikepe anayang'ana mwamuna wawo. Iye anali atazyolika, akukanda chipsera cha moto pachala chake. Panja panamveka wina akusesa pamalo amodzimodzi, pafupi ndi zenera. Achikepe anadikira kuti bamboyo anene ngakhale liwu limodzi. Silinabwere.

Anatenga supuni. Anadya mbale yonse, apongozi n'kuwonjezera, iwo n'kudyanso. Pomaliza anaseka kuseka kwawo kwakale n'kunena mokweza, kuti wosesayo amve, “Mwaona, Amayi? Chikepe sichikana katundu.” Apongozi anaseka nawo, mtima uli m'malo.

Poto uja anayamba kubwera Lamlungu lililonse. Kuntchito Achikepe ankathawa Asajeni. Masana ankadyera kuseri kwa makina, poweruka ankatulukira khomo la katundu n'kukwera minibasi yoyamba. Tsiku la kuchipatala litakwana sanapite, poopa maso a namwino. Thupi linabwerera msanga kuposa mmene linachokera, ndipo azimayi a pagolosale anayambanso kuwapatsa moni wabwino. Asajeni anatsikira kochapira kamodzi kokha. Anaima pakhomo n'kunena kuti, “Benchi ilipo, achemwali,” n'kubwerera.

Kenako nsapato inawatupitsa thuza pachala chachikulu cha phazi. Thuzalo linaphulika, osapola. Ankalimanga ndi kansalu n'kuvala sokosi, osauza munthu. M'mawa wina mwamuna wawo anawapeza atakhala pampando kubafa akumasula kansaluko. Chala chinali chitada m'mbali, fungo likumveka.

“Chayamba liti chimenechi, amake mwana?”

“Mukufunsa lero?” anayankha osadzutsa mutu. “Tsiku lija ndinakuyang'anani. Munkakanda chala chanu.”

Bamboyo anavula ovolosi imene anali atavala kale, n'kunena kuti apitira limodzi.

Kuchipatala namwino anatsuka chilondacho mwakachetechete, n'kuitana dokotala. Dokotala anadina phazi malo angapo ndi kachitsulo, akufunsa ngati akumva. Malo ena sankamva. Anati chalacho chikhoza kupulumuka, koma sakulonjeza, ndipo akachedwanso nkhani idzakhala ya phazi lonse. Mwamuna uja anamvetsera zonse chipewa chili m'manja. Namwino atayamba kufotokoza za kadyedwe, ndi iye amene ankafunsa mafunso.

Lamlungu lotsatira poto anabwera monga mwa nthawi zonse. Achikepe anali pampando, phazi lomangidwa bandeji lili pa kasitulu. Apongozi anapakula n'kuwapatsira mbale. Chitseko chinali chotsegula.

Nthabwala inafika yokha pakamwa pa Achikepe, koma anaimeza.

“Zikomo, Amayi, koma sindidya.”

“Mwayambanso?”

“Ndikudziwa kuti mumandiphikira chifukwa chondikonda. Koma phazi ili ndi langa, ndipo ndikulifuna. Anthu anene zimene anganene. Akadzandidula mwendo, palibe mmodzi wa iwo adzandiperekeze kuchimbudzi.”

Apongozi anatembenukira kwa mwana wawo. “Ukumva mmene akundiyankhira mkazi wakoyu?”

Bamboyo anadzuka pang'onopang'ono. Anatenga mbale ija n'kubwezera chakudya mupoto, n'kuvundikira.

“Ndamva, Amayi. Ndinali naye kuchipatala, ndinaona ndi maso anga. Akatisiya mayiyu, ana awa mulera ndinu? Wofuna kudziwa chimene akudwala abwere adzandifunse ine kushopu.”

Apongozi ananyamula poto wawo n'kutuluka osatsanzika. Patapita kanthawi, bamboyo analowa kukhitchini, n'kumveka akufunsa mwana wamkulu kuti mpeni wodulira masamba uli kuti.

Chala chinapola, ngakhale chinatenga nthawi. Tsiku limene Achikepe anabwerera kuntchito, masana anakwera kupita kugeti ndi kontena yawo m'manja, atakonzeka kukalipiridwa. Asajeni anangosuntha pabenchi kuwapatsa malo.

“Mwandisungulumwitsa,” anatero. “Ndinatsala pang'ono kuyamba kucheza ndi geti.”

“Ndinagwa, Asajeni.”

“Ndikudziwa. Mudzagwanso mwina. Mwabweretsa chiyani?”

Papita zaka tsopano. Achikepe sanakhale munthu woonda, ndipo anasiya kulakalaka zimenezo. Thupi limatsika, nyengo zina limakwerako, makamaka pamene mwana wawo wamkulu anadwala, iwo n'kumagonera mabanzi a pachipatala. Kusiyana kwake n'kwakuti likakwera sabisalanso, amakaima pasikelo ya namwino n'kumva zimene amva. Mankhwala a magazi anawachepetsera. Mphekesera za mumsewu zinatha zokha anthu ataona kuti maliro amene ankayembekezera sakubwera.

Apongozi anakhala nthawi yaitali osaponda pakhomopo, moni ankatumiza kudzera mwa adzukulu. Sanapepese, ndipo palibe amene anawauza kuti apepese. Masiku ano amabwera chimanjamanja, amakhala pampando wapafupi ndi zenera n'kudya zimene zaphikidwa. Amadandaula kuti mchere wachepa, komanso kuti mwana wawo amadula kabichi mokhuthala ngati akudula zitsulo.