Wojambula Amene Ankaima Pakhomo

Ghadir anabwera kwathu atakulunga kamera m'nsalu yakumutu ngati wabisa chakuba. Mwamuna wake anali atamwalira, n'kumusiyira ana awiri ndi kamerayo. Tsopano mlamu wake ankafuna kuigulitsa, ndiponso kuti Ghadir ndi ana achoke muno mumzinda wa Irbid, abwerere kumudzi.

"Amake Yazan, ndisungireni," anatero. "Akaiona, yapita."

Kuno paukwati amayi amakhala m'holo yawoyawo, momwe simulowa mwamuna wojambula, ndiye ntchito inalipo. Ghadir anali atajambulapo maukwati angapo m'dera lathu. Aliyense woona zithunzizo ankati, "Mashallah, manja ako adalitsike!" Koma palibe anamuitananso.

"Ngati zili bwino, bwanji sandifuna? Ngati n'zoipa, akuyamikiranji?"

Nanga ndani angauze mkazi wamasiye kuti ntchito yake yalakwika? Ndiponso tonsefe sitinkadziwa kuti cholakwikacho n'chiyani.

Kenako anamva za kagulu ka amayi ophunzira kujambula, kokumana pamwamba pa sitolo ya mabuku. Mtsogoleri wake anali amake Basil, mayi wachikulire amene anajambula maukwati moyo wake wonse. Lamulo linali limodzi: chithunzi chikaikidwa patebulo, aliyense anene chofunika kukonza.

Mtsikana wina anaika chithunzi cha mtengo wa azitona. Itafika nthawi ya Ghadir, iye anati, "Mashallah, n'chokongola."

Onse anaphulika kuseka.

"Mwana wanga, zimenezo akamuuza azakhali ake," anatero amake Basil. "Iwe nena zomwe waona."

Ghadir anatuluka thukuta. "Mwina... mtengowu wapendekeka?"

"Zoonadi! Zikomo!" Mtsikana uja anamupsompsona patsaya. Ghadir anangoti kukamwa yasa. Wanyoza ntchito ya munthu, ndiye akumuthokozanso?

Kenako Ghadir anayala zithunzi zake. Amake Basil anakweza magalasi.

"Mkwatibwi ali kuti?"

"Uyo apo, mayi."

"Kadontho koyerako? Ine ndikuona misana. Msana, msana, ndipo uwu ndi wa amake Fadi, ndikuudziwa. Unaima pati?"

"Pakhomo."

"Chifukwa?"

Ghadir anayang'ana pansi. "Ndavala zakuda, mayi. Wamasiye ngati ine kupita kutsogolo pachisangalalo cha eni, anthu ati chiyani?"

Amake Basil anatola chithunzi china n'kuchikweza. "Onani mmene kuwala kwagwera pankhope ya mayi uyu wakhala pafupi ndi khomoyu. Izi sindingaphunzitse munthu. Maso uli nawo, manja ali bwino. Vuto lako ndi miyendo."

Ghadir anafika kwathu akulira, osadziwa ngati amutukwana kapena amuthandiza. Kunena zoona, inenso sindinadziwe.

Koma m'mawa mwake anabwera kudzayeserera pa Yazan wanga. Ankamuyandikira mpaka ine kuopa kuti amugunda ndi kamerayo pamphumi. Atapita ndi zithunzizo kugulu, anamuuza kuti wadula mwana makutu.

"Dzana ndinali kutali, lero ndayandikitsa. Anthu amenewa akufuna chiyani?"

Anapitabe. Ulendo wina anati zada. Wina anati zagwedera. Nayenso anaphunzira kuuza anzake kuti: "Ichi ndachikonda, koma mtengo wamagetsiwu wamera pamutu pa bambo ako." Mlamu wake ankafunsabe za kamera, iye n'kumati mawa.

Tsiku lina mayi wa m'gulumo anamupezera ukwati. Ine ndinalipo. Ndinamuona ataima pakhomo la holo, kamera pachifuwa, ng'oma zikulira. Ndinati basi, zabwereranso. Kenako anapuma mwamphamvu n'kuyamba kudutsa pakati pa mipando. "Pepani azakhali. Ndidutseko, mayi." Ena ananong'onezana. Iye anakagwada patsogolo penipeni pa mkwatibwi, ndipo pobwerera m'mbuyo anaponda diresi la amake mkwatibwiyo.

Zithunzi zitatuluka, amake mkwatibwi aja anabwera okha kwa Ghadir ine ndili pomwepo, nkhope ili gwa. Khofi anangomunyambita.

"Unandiponda. Ndipo apa wandijambula ndikutafuna, ching'ambe chimenechi. Apa apongozi a mwana wanga atsinzina, anena kuti tachita dala." Kenako anatsegula china. Chinali cha mwana wawo, akuseka misozi ili mbwembwembwe, atagwira dzanja la mayi ake. Anachiyang'ana nthawi yaitali, n'kuchilowetsa m'chikwama.

"Mng'ono wake akukwatiwa chilimwe chino. Ubwere. Uvale nsapato zofewa."

Atatuluka, Ghadir anandigwira pamkono. "Amake Yazan, kodi andikalipira kapena andipatsa ntchito?"

"Ndikuona ngati zonse," ndinatero.

Chilimwe chimenecho anajambula maukwati mpaka ena kuwakana. Mlamu uja anasiya yekha nkhani yogulitsa, ndipo ana akuphunzirabe muno mumzinda.

Inu amene mukuwerenga, mwina nanunso mwasokonezeka: okukondani akuti zonse zili bwino, koma palibe chikuyenda. Kapezeni munthu woti akuuzeni pamene palakwika. Zidzawawa, ndipo tsiku loyambalo simudzamvetsa. Lirani ngati mukufuna, koma mawa lake mubwererenso ndi chithunzi china. Musataye mtima.