Ndinavina Maliro a Amalume Akudutsa

Makina ovinira anafika ku Area 23 pa lole imodzi ndi mabelo a kaunjika. Mwini shopu ya magemu anawaika pakhomo penipeni kuti wodutsa aliyense aziona. Pansi panali chitsulo chojambulidwa mivi inayi, kutsogolo kuli sikirini. Nyimbo ikayamba mivi imakwera pa sikirinipo, iwe n'kumaponda muvi wofanana nawo pansi. Ukaphonya, makinawo amakunyoza m'Chijapani. Chijapani sindichidziwa, koma kunyozedwa ndimakumva, ndipo ndikulumbira kuti tsiku lina anatchula ndi mudzi wa kwathu womwe.

Nthawiyo n'kuti ndili ndi ana atatu komanso mimba yoti ndikafuna kudziwa za mapazi anga ndimachita kufunsa anthu. Komabe ndinali katswiri. Sikirini imaonetsa mndandanda wa ovina bwino, ndipo ine ndinakhala pamwamba mpaka makina anazolowera. Gulu lathu linali la akabaza, amayi awiri a ku saluni, ndi telala wina wa ku Mangochi. Tinali ndi malamulo. Nsapato umavula usanakwere. Pamsewu pakaikidwa masamba osonyeza maliro, mawailesi onse m'mashopu akazimitsidwa, ifenso timatsitsa voliyumu mpaka ziii, n'kumavina ndi maso okha. Tinkati ndi ulemu.

Kenako anamwalira amalume a mkazi wanga, amene anamulera kuyambira ali wakhanda. Abale anandipatsa ntchito yokagula nkhata ya akamwini ndi kukaiika ndekha pamanda. Chikwatireni m'banjamo, aka kanali koyamba kundipatsa udindo woonekera pa anthu. Ndinavala suti, ndinakagula nkhata yaikulu cha ku Chipasula, n'kumabwerera dzuwa lili paliwombo. Njira yake inali yodzera pashopu paja.

"Madala, pepani ndi zovutazi," anatero wakabaza wina ali pakhomo. "Pepaninso kachiwiri."

"Kachiwiri ka chiyani?"

"Atelala akutsitsani m'mawa uno. Muli pa nambala thu."

Atelalawo anali pomwepo, tepi ili m'khosi. "Akulu, kaikeni maliro," anatero. "Mwendo wanga umapalasa makina osokera tsiku lonse. Inu wanu umapalasa chiyani?"

Ndinati nyimbo imodzi yokha. Ndinavula nsapato, nkhata n'kuikhazika pampando ngati mlendo. Voliyumu inali ziii, poti masamba anali ataikidwa kale pamsewu. Nyimbo imodziyo inabereka zina zitatu.

Amene simunaonepo munthu akuvina popanda nyimbo, yerekezani bambo wa suti ndi tayi, wopanda nsapato, amene linthumbu lamulowa m'thalauza koma akukana kukuwa. Ndinali ine ameneyo. Thukuta linatsika mpaka amayi a ku saluni anabwereka chokolopera, ndipo izi ndi zoona, mboni zilipo.

Ndili m'kati mwa nyimbo yachinayi ndinamva kuimba kuchokera kumtunda. Inali nyimbo ya maliro. Apa ndiye pamene pamandiwawa mpaka lero: mutu wanga sunaizindikire, koma mapazi anakondwa kuti nyimbo yapezeka. Anayamba kugwa bwinobwino, osaphonya muvi ndi umodzi womwe. Anzanga onse anaimirira, zipewa m'manja. Wina anandikoka jekete, ine n'kumukankha.

Kutsogolo kwa shopuyo kuli hampu, ndiye galimoto iliyonse imachita kukwawa. Panali poti nditembenuke kuti ndiponde muvi wakumbuyo. Ndinatembenuka mwaluso, manja m'mwamba, n'kupezeka ndayang'anizana ndi lole ya bokosi. Munali abusa, amayi a kumpingo, apongozi anga aakazi, ndi mkazi wanga atagwira bokosi la amalume ake. Nyimbo ija inafa pakati pa vesi. Ngakhale injini ya lole inachita manyazi n'kuzima.

Mkazi wanga anatsika pang'onopang'ono, anamanganso chitenje, nalowa m'shopu.

"Abambo, nkhata ija ndi imeneyi?"

"Ndi imeneyo, mayi."

"Zikomo. Malizani, musasiyire panjira."

Anainyamula n'kukakweranso. Akanandilalatira bwenzi zilikonso bwino. Kumbuyo kwanga makina anali kuthwanima, kundiuza kuti ndabwerera pa nambala wani. Palibe anaomba m'manja. Atelala ndi amene anawerama n'kundipatsira nsapato.

Ndinatsatira lole ija pa kabaza. Kumanda ndinaima kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi mtengo, ndikulakalaka adzukulu atakumba dzenje lachiwiri. Wolengeza atati, "Nkhata ya akamwini," amene anaimirira anali mwamuna wa mlamu wanga wamng'ono, munthu woti anangokwatira chaka chathachi, suti yake yaukwati isanachapidwe n'komwe. Anaiika mwaulemu, anagwada, anthu n'kuvomereza ndi mitu. Pobwerera apongozi anandipatsa moni ndi manja awiri. "Mwatopa bambo," anatero, "pezani pokhala."

Nkhaniyi ndaifotokozapo kambirimbiri ndipo anthu amaseka mpaka kugwira nthiti. Gawo lotsatirali ndi limene ndimalidumpha. Patapita masabata angapo, tsiku lina masana, mkazi wanga akuyanika zovala, analankhula osandiyang'ana.

"Mukudziwa kuti tinachedwa kunyamuka chifukwa cha inu? Abale ankati tizipita. Ine ndinakana. Ndinati bambo a ana anga sangachedwe dala, mwina achita ngozi. Ndinawaimitsa amalume padzuwa, bokosi lili pakhonde, kudikira inu."

Ndinafufuza choseketsa choti ndiyankhe, chifukwa pakamwa panga sipasowa kanthu. Ndinangotola mapegi amene anagwa pansi n'kumupatsa limodzilimodzi. Kuchokera pamenepo m'banjamo mwagwa maliro awiri. Onse ndinauzidwa tsiku ndi malo, ndinapita, ndinakhala pansi, ndipo palibe anandituma kanthu.