Mjigo Wotulutsa Madzi Ofiira ku Chiuta

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza kudzera mwa aphunzitsi anga a sayansi. Nditamaliza sekondale ndinkathandiza amalume kugulitsa nsalu ku Balaka. Tsiku lina aphunzitsiwo atabwera kudzagula ulusi anandinong'oneza kuti okumba mijigo m'boma la Machinga akufuna munthu woyeza madzi, ndipo sananene kuti akhale mwamuna. M'mawa mwake ndinakwera basi, khadi la chipani lili m'chikwama. Anandilemba tsiku lomwelo. Pobwerera ndinkangoseka ndekha m'basimo.

Abwana anga anali a Msiska, bambo wa kumpoto wolankhula pang'onopang'ono. Zida zathu zinali mabotolo agalasi a zotsekera zothina, paipi ya labala, kabotolo ka asidi, ndi mita ya mabatire yokhala m'bokosi lathabwa. Mitayo inali ndi timitengo tiwiri toviika m'madzi, kena ka nsonga ya pulatinamu, mtundu wa chitsulo chosachita dzimbiri. Tikafika pa mjigo tinkapopa mpaka madzi ogonera m'mapaipi atatha, n'kulowetsa paipi ya labala pansi pa ndowa kuti pasachite thovu, kenako n'kuviika timitengoto kudikira muvi wa mitayo uime.

A Msiska anandiphunzitsa kuti muviwo umanena za maelekitironi, tinthu tosaoneka timene zinthu zimalandana. Pansi pa nthaka pamene palibe mpweya, chitsulo chimasungunuka m'madzi osaoneka n'komwe, ndipo muvi umatsika. Madziwo akakumana ndi mpweya, mpweya umalanda elekitironi ku chitsulocho, chitsulo n'kusanduka dzimbiri. Nditamva zimenezi mutu wanga unayaka. Ngakhale madzi a mumtsuko wa kunyumba ndinayamba kuwayang'ana mwachidwi.

Tsiku lovuta linafika a Msiska atagona ndi malungo. Uthenga unabwera woti m'mudzi wina kufupi ndi nyanja ya Chiuta anthu aukana mjigo watsopano ndipo abwerera kukatunga kudambo, moti ana ayamba kutsegula m'mimba. Ndinapita ndekha ndi dalaivala. Linali Lachisanu.

Tinapeza anthu atadzaza pa mjigo. Mayi wina wamtali, Abiti Saidi, anandionetsa mkanjo wa amuna awo wopitira ku mzikiti, utachita mawanga ofiira. Anati madzi amatuluka oyera, koma akakhalitsa m'ndowa amasanduka magazi, ndipo anthu akuti okumba aja anaboola pamene panagona munthu. Ndisanayankhe, atcheyamani a chipani a m'deralo anandikokera pambali.

"Mayi, boma silipatsa anthu madzi oipa," anatero. "Muwauze kuti ndi abwino, basi."

Ndikanati ndi oipa, ndiye kuti ndanyoza boma. Ndikanati ndi abwino, amayiwo akanandionetsa ndowa zawo, n'kupitiriza kumwetsa ana madzi a kudambo. Ndinaviika timitengo tanga, muvi n'kutsika zedi. Chinali chitsulo, ndinadziwa, koma muvi wa mita sukanakhutiritsa aliyense pamenepo.

Ndinatulutsa mabotolo awiri n'kupempha Abiti Saidi kuti atunge okha, kuti pasakhale wonena kuti ndathiramo mankhwala. Loyamba analidzaza mpaka kusefukira, tinalitseka popanda kampweya ngakhale pang'ono. Lachiwiri anathira theka, n'kulikhutchumula mwamphamvu, n'kulisiya lotsegula. Tinawaika onse pa chitsa. Ndinalengeza, dalaivala akumasulira m'Chiyao, kuti lotsegulalo lifiira koma lotsekalo ayi.

Ndiye panalibe chimene chinachitika. Mabotolo onse anangoti mbee. Abambo ananyamuka kupita ku mzikiti, atcheyamani akundiyang'ana ndi diso loipa. Ndinayamba kuganiza kuti mwina a Msiska sindinawamvetse bwino.

Anali Abiti Saidi amene anayamba kuona. Botolo lotsegula linachita chikasu ngati tiyi wosalowerera. Pamene abambo ankabwerako linali litafiira, tinyenyeswa tikutsikira pansi, pomwe linzake linali loyera ngati atunga kumene. Anthu anakankhana pofuna kuona, ine ndikulephera kuima malo amodzi ndi chimwemwe. Ndinawauza kuti ndi mpweya umene ukuchita zimenezi.

Abiti Saidi anathira nsenga zofiirazo pa chikhato n'kununkhiza. "Iyayi, si magazi awa," anatero. "Ndi dzimbiri, longa la khasu logona pamvula."

Ndinasefa madzi otsalawo pa nsalu yoyera n'kumwa onse akuona. Abiti Saidi anamwanso, kenako ashehe a ku mzikiti kuja.

A Msiska atachira tinabwerera ndi migolo iwiri yosefera madzi. Madzi ankagwa kuchokera m'chitini choboolaboola kuti akumane ndi mpweya, n'kudutsa m'miyala ndi mumchenga, n'kutuluka oyera osafiiranso. Pamsonkhano atcheyamani ananena kuti nzeruyo inachokera kwa iwo. A Msiska anangondiponda phazi kuti ndisaseke.

Ndagwira ntchito ya madzi mpaka kupuma, ndipo mamita amene ndagwiritsa ntchito ndi ambiri, ena apamwamba kwambiri. Koma kuyambira tsiku limenelo sindinauzenso anthu a pamudzi kuti madzi awo ali bwanji ndisanawapatse botolo kuti atunge okha.