Chitenje chouma cha achemwali

Achemwali, lero pamsika wa Nkando ndadutsa pomwe amagulitsa mankhwala opopera tomato, ndipo fungo lake landikumbutsa inu. Tsiku lija ndinapopera dimba lonse osatchinga kumphuno, n'kugwa dovu lili chuchuchu. Kuchipatala anamwino ankandibaya jakisoni, kumvetsera chifuwa, kenako kubayanso wochulukirapo. Amalume anapsa mtima: "Amupha ndi majakisoni mwanayu, timutulutse." Inu munakafunsa adokotala, pobwera munaima pakhomo. "Akuti aziwonjezera mpaka malovu aume. Satuluka muno, amalume."

Munakhala kumutu kwanga, mukundipukuta pakamwa ndi chitenje chanu. Mbali ina ikanyowa munkatembenuzira ina, mpaka nthawi ina munapukuta n'kupeza chitenje chili gwaa. Ine sindinkadziwa kanthu, koma amandiuza kuti munachikweza m'mwamba n'kululutira, wodi yonse n'kudzidzimuka. Matenda anatilanda inu chaka chatha, koma nkhondo ija munapambana ndinu, achemwali. Ndili moyo, ndipo tomato wanga watha yense lero. Chitenje chija mlamu wanu akuberekera mwana wathu wamkazi. Tamutcha dzina lanu.