Chithunzi chimene ndinajambulitsa kumanda

Kwathu ku Dedza njinga imakhala ndi ntchito yake. Imanyamula matumba a kachewere, mbuzi yomangidwa miyendo, kapena mayi wodwala wopita kuchipatala. Munthu akamapalasa yopanda katundu, aliyense amadziwa kuti akukatenga. Ndiye nditapita ku Joni n'kupeza ntchito ya m'dimba ku Cashan, dera la azungu, ndinadabwa naye bwana wanga. Anali munthu wamkulu ndithu pamgodi, wa galimoto ziwiri, koma Lamulungu lililonse ankalawirira m'mamawa, kuvala kabudula wothina ngati wabwereka kwa mwana wake, n'kukwera kanjinga kopanda keliyala, kopanda madigadi, matayala ake owonda ngati chala. Ankapalasa mpaka masana n'kubwerera pageti pomwe anachokera, chimanjamanja, ali wefuwefu. Sanakagule kanthu, sanakaone wodwala, sanakapepese maliro. Ankangotuluka thukuta laulere.

Nthawi imeneyo ndinali nditatomera mtsikana kumudzi. Analeredwa ndi atsibweni ake, mkulu wa mpingo amene ankayenda ndi buku la nyimbo ngakhale popita kudimba. Mkuluyu anali ataona amuna ambiri akumezedwa ndi Joni, ndipo nditatha zaka ziwiri osaponda kumudzi anandilembera kalata. Anati mwana wawo sangakalambire pakhomo podikira mchona, ofunsira mbeta alipo ena, choncho nditumize chithunzi aone ngati ndikadali munthu wolongosoka. Mtsikanayo ndinkamukonda, ndipo kalatayo inandisowetsa mtendere.

Vuto linali poti ndijambulitse pati. Ndinkakhala ku Luka, mudzi wa pafupi ndi migodi, m'kachipinda ka malata kuseri kwa nyumba ya eni, pamodzi ndi mnzanga wa ku Tete amene ankagwira maganyu pashafuti, polowera mumgodi. Kulikonse kumene ungaloze kamera kunali fumbi ndi mulu wa miyala ya mumgodi. Mnzangayo anati, "Achimwene, chitani zimene amachita onse. Pitani m'tauni, mutsamire galimoto ya eni, dzanja limodzi pachitseko, basi." Ndinakana. Bodza limenelo kumudzi analitulukira kalekale. Ine ndinkafuna chinthu chapamwamba, choti mkulu wa mpingo akachiona avule magalasi n'kuwapukuta.

Mwayi unadzibweretsa wokha. Zinali zaka zoyamba chichitikireni chisankho chija chothetsa ulamuliro wa tsankho ku Joni, pamene mzungu aliyense ankasakasaka mnzake wakuda woti azimuonetsa kwa anzake. Bwana ankandiona m'mawa uliwonse ndikufika panjinga yanga yakuda kuchokera ku Luka, osatopa n'komwe. Tsiku lina anandipeza ndikudulira maluwa nati, "Wena Malawi, Sonto lino tipita tonse," kutanthauza kuti Lamulungu likubwerali ndikapalase nawo. Ndinavomera msanga, chifukwa ndinkadziwa kuti amayenda ndi kamera m'thumba la kumsana.

Anandibwereka njinga yake yakale ndi zovala zake zomwe. Kabudula uja anali ndi kansalu kokhuthala pakati ngati thewera. Malaya anali a mawangamawanga, ondigwira mpaka nthiti zonse kuwerengeka. Anawonjeza chipewa cholimba chobowokabowoka ndi magalasi akuda. Nditadziona pawindo la garaja ndinachita manyazi pang'ono, kenako ndinadziuza kuti kumeneku ndiye kutukuka.

Tinanyamuka asanu, ine ndi azungu anayi. Aliyense anandigwira chanza nthawi yaitali, akuyang'ana uku ndi uku ngati alipo amene akuona. Tinatsetsereka mpaka kudamu la Olifantsnek, n'kuima. Madzi ambiri ndithu, koma palibe anasamba, palibe anachapa, palibe anafunsa mtengo wa nsomba. Anangoima manja m'chiuno, kumayang'ana madziwo uku akuyamwa ena m'timabotolo tawo. Bwana anandijambula. Ku Kroondal tinaimanso pa tchalitchi chakale ndi chigayo chimene chinasiya kugaya makolo awo akadali moyo. Anachizungulira, kuchisisita khoma, kumausa moyo. Kwathu chigayo chikafa timangochitukwana n'kupita kwina.

Pamitunda ndiye panali ntchito. Miyendo imene inazolowera kukwera mapiri a ku Dedza ndi matumba awiri kumbuyo inkaona ngati kanjingako kulibe. Koma wantchito sapitirira bwana wake pamaso pa anzake. Choncho mtunda wonse wopita kudamu la Buffelspoort ndinakwera nditagwira buleki, ndikunamizira kupuma movutika, uku ndikuyang'ana msana wa bwana ukugwedezeka ngati wa ng'ombe yokoka ngolo.

Pobwerera tinadzera kamsewu kena m'munsi mwa phiri. Patsogolo ndinaona kampanda ka waya, m'kati mwake mitanda yachitsulo yochita dzimbiri ndi chipilala chachitali cha mwala. Kwathu munthu sadutsa pamanda ali pachishalo. Sindinaganize n'komwe, miyendo inatsika yokha. Ndinavula chipewa n'kuyamba kukankha njinga mwakachetechete. Azungu aja anali atadutsa kale, koma bwana atacheuka anakhota msangamsanga n'kubwerera.

Munthu uja anagwetsa misozi. Anati amenewo ndi asilikali a nkhondo ya Maburu ndi Angerezi, agogo ake anamenya nawo, ndipo zaka zonsezi palibe mnzake ndi mmodzi yemwe amene anatsikapo njinga pamalopo. Anaitana anzakewo kuti adzaone ulemu wa munthu wa ku Malawi. Ine nkhondoyo ndinali ndisanaimvepo, ndipo mpaka lero sindidziwa kuti ogona pamenepo anali a mbali iti. Ndikanatsikanso chimodzimodzi akanakhala manda a wakuba nkhuku. Koma ndinangogwedeza mutu ngati wofedwa.

Anandiimika pafupi ndi chipilala, njinga kutsogolo, chipewa m'manja, magalasi kumaso. Pamene ankakonza kamera, mmodzi wa anzake, wamimba yaikulu, anaiwala kumasula nsapato yake yochita kukoleka pa pedulo n'kugwa chammbali ngati thumba la chimanga. Ndinaseka. Ndinene zoona, sikugwa kokhako kumene kunandiseketsa. Kamphepo kankawomba bwino, thupi linali lopepuka, ndipo tsiku lonse palibe wapolisi anandifunsa mapepala. Ndinali wosangalala kuposa tsiku lina lililonse chifikireni ku Joni. Kamera inalira pomwepo. Paja amati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Zithunzi zitatsukidwa, za kumadamu zinali madzi okhaokha, ine ndikuoneka pakona ngati ntchentche. Cha pachigayo chinaphimbidwa theka ndi chala cha bwana. Chabwino chinali chimodzi chokha, chowala, chooneka mpaka mano. Mnzanga wa ku Tete anachiyang'ana nthawi yaitali nati, "Koma achimwene, amenewa si manda awa?" Ndinamuyankha monyada kuti imeneyo ndi mbiri, azungu amachokera kutali kudzajambulitsa pamenepo, iye za shafuti zamuphimba m'maso. Anati, "Chabwino, eni nkhani ndinu." Kumbuyo kwa chithunzicho ndinalemba kuti, "Ine, pa malo otchuka a mbiri yakale," n'kukaponya kupositi.

Yankho linabwera patapita milungu ingapo. Atsibweni aja sanataye inki ndi malonje. Analemba kuti chithunzi chafika, achiona iwo, achiona abusa, achionanso amayi a chigwirizano. Anafunsa ngati buluku ndinagulitsa. Anafunsa chimene ndinkafuna kumanda popanda maliro, nditavala ngati kapoli, mano ali pamtunda. Anati iwo ndi a mpingo, za kudambwe anazisiya kalekale, ndipo sankadziwa kuti ku Joni nakonso kuli gule. Pomaliza anafunsa kuti njinga yopanda keliyala imeneyo mwana wawo ndidzam'nyamula pati. Chikole changa anali atakachitula kale kwa amayi anga.

Ndinaseka mokwiya, n'kuyamba kumufotokozera mnzanga za umbuli wa anthu akumudzi. Ndikukutumula envulopu, munagwa kapepala kena kong'ambidwa m'kope, kopindidwa kanayi. Kanali ka mtsikana uja.

Analemba kuti, "Za kabudula ndi za manda ndinakuikirani kumbuyo, ndinawauza kuti n'zachizungu. Koma ine ndayang'ana nkhope. Zaka zonse zimene ndinakudziwani kuno sindinakuoneni mukuseka chonchi. Munthu woseka chonchi sabwerera kwawo. Musavutike n'kulemba."

Zinandipweteka kwambiri. Lamulungu lotsatira ndinakhala pakhomo pa kachipinda kaja n'kulemba masamba anayi. Ndinafotokoza za mzungu wamimba amene anagwa, ndinalumbira kuti akulakwitsa, kuti Khirisimasi ikubwerayi ndifika ndi sutikesi, ndidzavale buluku pamaso pa atsibweni ake ndi mpingo wonse. Nditawerenganso, mawu onse anali abwino, koma ineyo sindinawakhulupirire.

Kalatayo sindinaitumize. Khirisimasi ija ndinadyera ku Luka, ndi yotsatira yakenso.