Makapu Awiri a Akalipentala

Inu amene mumatseka chitseko kuti anthu asaone m'nyumba mwanu, khalani pansi mumve. Sindizungulira ayi.

Akalipentala atadwala sitiroko, dzanja lamanja linafa, mwendo n'kumakoka. Akazi awo anali atamwalira kale. Mbale zinaunjikana m'sinki mpaka kuchita nkhungu. Khoma la kuchipinda linada ndi chinyontho, iwo n'kupachikapo nsalu, chifuwa osatha. Kubafa anagwako kawiri, basi kusamba anasiya. Ankangopukuta nkhope ndi khosi, poti ndi pamene anthu amaona.

Khonde lokha ndilo ankasesa m'mawa uliwonse. Ankakhala pamenepo atavala malaya abwino, kupereka moni kwa odutsa, chitseko chili chotseka kumbuyo kwawo.

Tsiku lina mwana wawo wamkazi anakankha chitsekocho. Fungo linamubweza.

"Bambo, mwezi ukatha tibwera ndi galimoto. Muzikakhala kwathu."

"Ndizikagona pati?"

"Pabalaza. Malo ena kulibe."

Munthu woti denga la nyumba yake anakhoma yekha, kukagona pa sofa ya mkamwini.

Mwanayo anawalembetsanso ku ofesi ya m'deralo yothandiza odwala ndi okalamba m'makomo mwawo. Kunabwera mayi wina wa chikwama chachikulu, amene anthu ankangowatchula kuti Achikwama. Akalipentala anawalandirira pakhonde, n'kuwauza kuti zonse zili bwino. Ulendo wachiwiri, chimodzimodzi. Wachitatu mayiwo anati, "Bambo, dzuwa landiwotcha. Ndipatseniko madzi akumwa."

Mlendo ungamukanize bwanji madzi? Akalipentala analowa kukafuna kapu. Ina inali ndi nkhungu, ina munafera mphemvu. Anayesa kutsuka imodzi ndi dzanja limodzi lija, inapulumuka n'kusweka. Potembenuka anapeza Achikwama aima pakhomo, aona zonse.

Akanakonda agwenso kubafa kachitatu kusiyana ndi maso amenewo.

"Pitani mukalembe zimene mukufuna," anatero motsitsa mawu.

"Sindinabwere kudzalemba. Ludzu langa likadalipo."

"Ndiye mwabwera kudzandikolopera ngati khanda?"

"Ine? Ndi msana wangawu? Iwalani. Nyumba ndi yanu, mukonza ndinu. Ine ndibweretsa anthu a zimene simungathe, monga khoma mwaliveka nsalu ngati mkwatibwi lija. Tiyambe ndi khitchini."

"Khitchini yonse sindingathe."

"Sinki basi."

"Kapu imodzi."

"Awiri. Ine sindimwa ndekha."

Anagwirizana pa makapu awiri. Achikwama atachoka, akalipentala anakhala tsiku lonse akuyang'ana sinkiyo. Kenako anatenga thabwa, naliponda ndi phazi, n'kumangirirapo burashi kuti iime chilili. Kapu ankaivundikira pa burashiyo n'kumaizunguliza ndi dzanja lamanzere. Inayera. Yachiwiri inayeranso. Misozi inatuluka, koma panalibe wowaona.

Musaganize kuti zinayenda ngati madzi. Masiku ena ankangogona. Tsiku lina anawabisalira Achikwama, iwo n'kugogoda mpaka aneba kusuzumira. Koma sinki inatha, kenako tebulo, kenako zinyalala matumba asanu ndi limodzi. A ku ofesi anatseka podontha, anapala khoma, anatsegula zenera lomwe linakanirira. Chifuwa chinayamba kuchepa.

Atabwera amisiri kudzaika chitsulo chogwirira kubafa, akalipentala anaima pakhomo n'kumaonerera.

"Mwaika kumanja. Ndigwira ndi chiyani kumeneko, khutu?"

Amisiri anazula, manyazi ulendo uno ali awo. Achikwama anaseka mpaka kukhala pansi.

"Bambo, mawa munditsatire. Kuli nyumba zitatu zofuna maso anuwo."

Mwezi utatha galimoto inafika. Mwana wawo anapeza chitseko chili pululu. Analowa akununkhiza, mwamuna wake ali pambuyo. Anayang'ana m'sinki, kubafa, pakhoma. Atagwira chitseko cha chipinda chakumapeto, bambo ake anamuletsa.

"Umo usalowe. Ndi za mwezi wamawa. Muli moipa, sindikubisa."

Akalipentala anawathirira madzi m'makapu awiri aja. Mwanayo anakweza kapu yake, naiyang'ana pa kuwala monga ankachitira mayi ake, kenako anamwa onse.

"Bambo a ana," anauza mwamuna wake, "zingwe zomangira katundu zija bwezerani m'galimoto."

Lero akalipentala amagona pabedi pawo. Kawiri pa mlungu amayenda ndi Achikwama, kuyeza pamene zitsulo zikhale m'nyumba za anzawo. Akafika pakhomo poti khonde ndi losesedwa bwino koma chitseko chotseka, amakhala pansi n'kupempha madzi akumwa.

Tsono inu, manyazi anuwo anakutsukiranipo chiyani? Othandiza alipo, koma sadzera pazenera. Tsegulani chitseko, aone zimene aone, simufa nazo. Nyumba yonse ikakukanikani, nenererani mpaka ifike pa makapu awiri. Osataya mtima. Dzukani mukatsuke.